Ndikufuna kumata chikopa cha njoka pamsana pa uta wanga, ndiyambire pati?

Kamuvi
Moni akuluakulu nonse. Ndamaliza kusema uta wanga wachitatu, awiri oyamba aja anathyoka ndisanafike nawo patali koma uwu wapirira ndithu. Mtengo wake ndi hickory, kutalika mainchesi 66, ukukoka mapaundi 45 pa mainchesi 28 ndipo chimalizireni ndaponyera mivi ngati 60. Nde mnzanga wina wandipatsa zikopa ziwiri za mphiri, zonse anachita kutola pamsewu njokazo zitagundidwa ndi galimoto. China ndi chouma gwa ngati pepala, chinacho ndi chofewa chifukwa akuti anachiviika mu glycerin. Ndikufuna ndizimate pamsana pa utawu, mbali ija yoyang'ana komwe muvi ukupita, koma sindinapangepo, ndikuopa kuononga zikopazo ndi uta womwe. Guluu wake ndi uti? Mutu uloze kuti, mchira uloze kuti? Komanso pali kachibenthu kadzuka pamsana pa mkono wakumtunda pafupi ndi kamfundo, ndimaganiza kuti chikopa chikakhala pamwamba chikagwira kuti kasapitirire. Ndithandizeni pliz.

Madala Wauta
Mphwanga za guluu tikambe pambuyo, tiyambe ndi kachibenthuko chifukwa ndi kamene kandidetsa nkhawa. Chikopa cha njoka sichigwira kanthu. Ndi chopyapyala, mukachinyowetsa chimang'ambika ndi zala, nde taganizani mphamvu imene msana wa uta umaona mukakoka mapaundi 45. Msana uja umatanuka, mimba (mbali yoyang'ana kwa woponya) imapanikizika, ndipo chibenthu chikadzuka pamsana ndiye kuti ulusi wa mtengo waduka pamenepo, kukoka kulikonse kukukakulitsa. Mukamata chikopa pamwamba mwangobisa chilonda, simuzaonanso mmene chikukulira mpaka tsiku limene mkono uzaphulike uli pafupi ndi nkhope yanu. Masulani nsinga lero lomwe musaukokenso. Ndiuzeni kachibenthuko ndi kotalika bwanji, kali pakati kapena m'mphepete?

Kamuvi
Kali cham'mphepete madala, kutalika kwake sikafika sentimita imodzi, chikhadabo chimakola ndikasisita. Nsinga ndamasula.

Madala Wauta
Chabwino kameneko kangachirike. Tengani supa glu wamadzimadzi uja osati wa jelo, mudontheze kuti alowe pansi pa kachibenthuko, kanikizani mpaka agwire. Akauma palani pang'ono ndi sandipepa yosalala, kenako kulungani ulusi wolimba mothinitsa pamalopo, kuyamba sentimita imodzi kumunsi kwake kukathera sentimita imodzi kumtunda, ndiye munyowetse ulusiwo ndi supa glu yemweyo. Ngati mtima sukukhazikikabe, matani kaye chikopa chosafufuta chopyapyala, cha mbuzi kapena cha gwape, msana wonse. Chimenecho ndiye chimapanikizadi zibenthu. Cha njoka chizabwera pamwamba pake ngati chovala basi. Ndipo mivi 60 yachepa, muponyere ina 200 mutakonza, muone ngati mikono yonse ikupindikabe mofanana. Chikopa ndi ntchito yomaliza penipeni, uta utasiya kusintha.

Mlenje_77
Zoona zimenezo. Ine ndinathamangira kumata pa uta umene sunakhazikike, patatha sabata mkono wakumunsi unayamba kufooka ndikuyenera kupala mimba ya wakumtunda, m'mphepete monse momwe ndinasalaza bwinobwino ndinachita kuyambiranso ndi vanishi yemwe.

Nachisale
Achimwene a Kamuvi ine ndilankhulepo za zikopazo poti ndi ntchito yanga. Chouma gwa chija ndiye chabwino, musachidere nkhawa, chikalowa m'madzi chifewa ngati nsalu. Cha glycerin ndiye chovuta chifukwa glycerin sauma, amakhala noninoni mkati mwa chikopa nde guluu amakana kugwira. Mwayi wake ndi woti glycerin amasungunuka m'madzi. Chichapeni m'madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, kutsukuluza, kusintha madzi, kuchapanso katatu kanayi, mbali yamkati mupukute ndi spiriti kenako muchiyanike pathabwa. Chikauma n'kukhala chokhakhala cholira ngati chinzake chija ndiye kuti zatheka. Chikakhalabe chofewa bwerezani. Musamate chisanafike pamenepo, muzalira.

Komanso chiyang'aneni mkati ngati mnzanuyo anapala bwino. Mphiri imakhala ndi mafuta ndithu, ngati kwatsala timinofu kapena mafuta achikasu palani ndi supuni chili chonyowa, pang'onopang'ono kuchokera kumutu kupita kumchira.

Kamuvi
Zikomo achemwali. Nanga chikopa chimene njoka imafundula yokha chija sichingagwire ntchito? Ndikufunsira mtsogolo, chimenecho chimapezeka osapha njoka.

Nachisale
Ayi chimenecho ndi kakhungu kapamwamba chabe, mtundu weniweni wa njoka uli m'chikopa chapansi. N'chifukwa chake chofundula chimaoneka mbuu ngati pulasitiki, mawanga ake ngati chithunzithunzi. Mukachinyowetsa ndi guluu chimangonyenyeka.

Tsamba
Ine ndikupemphako chinthu chimodzi anzanga, nkhani ngati izi zisapangitse anthu kuyamba kusaka njoka chifukwa cha mauta. Njoka zimatha makoswe ndi mbewa, ndipo mphiri ya mita imodzi yatenga zaka kuti ifike pamenepo. Zogundidwa pamsewu ndilibe nazo vuto bola malamulo a komwe muli akulola, chifukwa maiko ena ngakhale yakufa kale sutola ngati ili mtundu wotetezedwa. Nsato zonse zili pa mndandanda wa CITES, pangano lija la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zotetezedwa, linasainidwa ku Washington mu 1973, nde uta womata chikopa cha nsato ukafuna kudutsa nawo malire a dziko pamafunika mapepala. Anthu ambiri sadziwa zimenezi mpaka atawalanda.

Mlenje_77
Apa tikugwirizana a Tsamba, ine sindinaphepo njoka chifukwa cha uta. Koma nsato si zonse zili pangozi kulikonse. Ku Florida nsato za ku Burma zinadzaza m'madambo a Everglades mpaka zikutha tinyama takumeneko, boma limachita kupangitsa mpikisano wozigwira kuyambira 2013. Zikopa zina zimene opanga mauta a ku America amamata zimachokera kumeneko.

Tsamba
Eya kumeneko ndi zina chifukwa nsatozo ndi zobwera, si kwawo. Ine ndimanena njoka imene ili kwawo ikudzidyera makoswe ake.

Madala Wauta
Ndipo kunena zoona nsato yaikulu sikhala bwino pa uta. Mkono wa uta m'lifupi ndi masentimita 4 kapena 5, chikopa cha nsato yaikulu mungodulapo kamzere kapakati, mawanga aakulu aja saonekanso, kumangokhala zigamba zosadziwika mutu wake. Komanso n'chokhuthala, cholemera, ndipo chilichonse cholemera chimene mwaika cha kunsonga kwa mkono chimadya liwiro la muvi. Njoka yoyenera ndi imene mawanga ake apamsana akukwana m'lifupi mwa mkono. N'chifukwa chake a ku America amakonda rattlesnake ndi copperhead. Mphiri yanuyo mphwanga ili ndi mizere ija yokhala ngati V yotsatana pamsana, ikakhala pakati penipeni pa mkono imakongola mosasimbika, koma ikapendekeka ngakhale pang'ono diso limaona msanga.

Wosema Mipini
Pepani ndilowerere, wina aliyense amene akutola njoka yakufa pamsewu asamale mutu. Njoka yaululu imaluma ngakhale itafa, ngakhale mutu utaduka, kwa maola ndithu. Ululu wa mphiri umaoletsa mnofu, anthu amaduka zala. Panikizani mutu ndi ndodo, dulani, kwirirani pansi, ndiye muzisenda. Posenda dulani ndi sizasi kutsata pamimba kuti msana ukhale wathunthu pakati, khomani pathabwa ndi timapini mbali yamnofu ili kumwamba osakoka kwambiri, muyanike pamthunzi. Masiku awiri atatu chauma.

Kamuvi
Ndamva bambo. Ine zanga ndinalandira zosenda kale koma ndimuuza mnzangayo. Tsono za guluu?

Mlenje_77
Guluu wa matabwa uja wa Titebond III basi aise osavutika. Salowa madzi akauma, amakupatsa mphindi pafupifupi 10 zoti usunthe chikopa mpaka chikhale pomwe ukufuna, ndipo amagwirizana ndi chikopa chonyowa poti nayenso ndi wamadzi. Ngati sakupezeka, guluu woyera wa akalipentala amagwiranso, kungoti vanishi yake ikhale yokwanira. Chimene usayerekeze ndi kontaki, ukangogunditsa wagwira pomwepo, chikopa chikapendekeka palibe kubweza. Epoxy nayenso ayi, sagwirizana ndi chinyezi.

Madala Wauta
Titebond ndi wabwino sindikutsutsa, koma ine ndimakondabe guluu wa zikopa, uja wophika kuchokera ku zikopa za nyama. Chikopa ndi guluu wa chikopa ndi pachibale, akamauma amachikokera pansi yekha mpaka chimalowa m'timaenje tonse ta msana ngati chinamera pomwepo. Ndipo ukalakwitsa umangoika nsalu yonyowa yofunda, chikopa chimamatuka bwinobwino n'kuyambiranso, pamene Titebond akauma kuchotsa kwake ndi kupala basi chikopa chatayika. Anthu akhala akugwiritsa ntchito guluu wotere kuyambira kalekale. Ishi uja wa mtundu wa Yahi ku California, amene anatuluka m'tchire mu 1911 n'kuphunzitsa dokotala wina dzina lake Saxton Pope za mauta, ankamata mitsempha ya nyama pamsana pa uta wake ndi guluu wophika kuchokera ku khungu la nsomba ya salmon. Ndipo pa mauta a mitsempha amenewo mpamene chophimba chili ndi ntchito yeniyeni, chifukwa mitsempha ndi guluu wake zikamwa chinyezi uta umafooka. Ena ku North America ankaphimba ndi chikopa cha njoka, ku Asia ambiri ankaphimba ndi khungwa la mtengo wa birch. Pa uta wa mtengo wokhawokha ngati wanuwu ntchito yake ndi kukongoletsa, ndi kubisa kuyera kwa mtengo ngati mumasaka.

Kuipa kwa guluu wa zikopa ndi koti amafuna changu. Akhale wofunda cha pa madigiri 60, osawiritsa chifukwa akawira amatha mphamvu, ndipo akazizira amaundana ngati jelo musanamalize. M'chipinda mukhale motentha, mtengo muuthe kaye pang'ono.

Mlenje_77
Nde mwaona madala, munthu woyamba kumene mukumupatsa zothamanga ndi nthawi. Manja akunjenjemera, chikopa chikuterera, guluu akuundana. Ayambe ndi wosavuta.

Madala Wauta
Pamenepo mwanena zoona. Ayambe ndi Titebond, koma uta wachinayi ayeseko winayo amve kusiyana kwake.

Nachisale
Ndikuuzeni mmene ine ndimachitira achimwene, ena awonjezera. Msana wa uta ndimaupala pang'ono ndi sandipepa ya 220 kungochotsa kuterera, osalowa mkati mwa mtengo, kenako kupukuta ndi spiriti kapena acetone kuchotsa mafuta a m'manja. Ngati munapaka kale mafuta kapena vanishi pamsanapo zonse zichoke. Zikopa ndimayamba ndaziyeza zili zouma, kuzigoneka pa mikono kuona pomwe mawanga akufanana, n'kudula mamba akuluakulu a pamimba aja ndi zotsala zam'mbali kusiya ngati sentimita imodzi mbali iliyonse. Ndiye ndimaviika m'madzi ofunda pang'ono, osati otentha, madzi otentha amaphika chikopa chimakhwinyata osabwereranso. Mphindi 15 mpaka 30 chafewa. Ndimachigoneka pa thaulo kuchipukuta kuti chikhale chachinyezi koma chosadontha.

Guluu ndimapaka kawiri. Koyamba kochepa kwambiri pamtengo pokha kuti mtengo umwe, ndikudikira aume. Kachiwiri kopyapyala pamtengo ndi pachikopa pomwe. Anthu ambiri amalakwitsa apa, amathira guluu wambiri poganiza kuti ndiye agwira bwino, mapeto ake amaunjikana pansi pa chikopa n'kupanga zitunda. Mkono umodzi nthawi imodzi. Kuyamba pa chogwirira kupita kunsonga, chala chachikulu chonyowa chikusisita kuchokera pakati kupita m'mbali kutulutsa mpweya ndi guluu wotsala, ndipo muziima n'kuyang'ana kuchokera kunsonga ngati mukuwongola muvi kuti muone mzere wapakati ngati uli pakati. Thuza la mpweya likakana kutuluka libooleni ndi singano pakati pa mamba n'kufinya. Theka la ola loyamba musachokepo, muzibwerera ndi chala chifukwa matuza ena amadzuka mochedwa.

Kamuvi
Eee izi ndazikopera pena pake. Mutu ndi mchira bwanji?

Nachisale
Mitu ikumane pa chogwirira, michira iloze kunsonga. Njoka imaonda kumchira, mkono wa uta nawonso umaonda kunsonga, mawanga amachepa limodzi ndi mkono. Polumikizira pabisika ndi chikopa chimene mukulunge pa chogwirira.

Chiphaliwali
Ine ndinamva kuti zonse ziwiri ziloze mbali imodzi kuti madzi a mvula azitsetsereka pa mamba ngati pa denga, si choncho?

Madala Wauta
Alipo amene amatero koma mamba aja timachotsa, ndipo pamwamba pamabwera vanishi, nde madzi sakumana ndi mamba n'komwe. Chotsatira chake n'choti mkono umodzi umakhala ndi mawanga aakulu kunsonga yopyapyala, sizioneka bwino.

Kamuvi
Dikirani madala, mamba timachotsa?? Ndimayesa kukongola kwake ndi mambawo

Madala Wauta
Musaope. Chimene chimachoka ndi kachikamba koonekera kamene kali pamwamba pa bamba lililonse, kolimba ngati chikhadabo, komwe kaja njoka ikanafundula. Mawanga ndi maonekedwe a mamba zimatsala m'chikopa, ndipo zimawala kuposa poyamba. Mukazisiya, vanishi imagwira pa tizikambato osati pachikopa, uta ukamapindika timadzuka kamodzikamodzi n'kusiya madontho oyera ngati chikanga. Dikirani chiume kaye tsiku limodzi kapena awiri, ndiye tengani tepi yomata bwino, kanikizani, matulani kuchokera kumchira kupita kumutu. Mubwereza kambirimbiri. Totsalira tochepa muchotse ndi chikhadabo kapena nsonga ya singano. Mamba a mphiri ali ndi kamzere kotukuka pakati, nde ngakhale mutachotsa padzakhalabe pokhakhala, pafunika vanishi yambiri kuposa njoka yosalala.

Mlenje_77
Pa nkhani yokulunga, ine ndikamata ndimakulunga mkono wonse ndi bandeji yotanuka ija kuti chikopa chigwire m'mphepete, ola limodzi kapena awiri ndikuchotsa.

Nachisale
Ine bandeji ndinasiya a Mlenje. Pokulunga paja chikopa chimazungulira osaona, pomasula mupeza mzere wapakati wakhotera mbali imodzi guluu atagwira kale. Komanso ikathina imasiya zipsera za ulusi wake pachikopa. Chikopa chofewa bwino pa msana wosalala chimagona chokha.

Mlenje_77
Pa hickory wa msana wosalala mwina, koma uta wa mfundo ndi zigwa ngati wa mtengo wa osage wokhotakhota uja popanda kukulunga m'maenje mumatsala mpweya. Chinsinsi ndi kusathinitsa ndi kumasula msanga kukaona.

Nachisale
Pamenepo ndavomera, koma wa a Kamuvi akuti uli ndi kamfundo kamodzi, chala chikwana.

Madala Wauta
Kudula m'mphepete musaiwale. Pakapita maola angapo chikopa chitayamba kulimba koma chisanaume gwa, dulani zotsala ndi lezala latsopano. Chikauma tengani tupa yosalala kapena sandipepa yokulunga pa kathabwa, muzipala mopendeketsa kuchokera kumsana kutsikira kumimba, mbali imodzi yokha, osabweza mmwamba chifukwa mukabweza mumadzutsa chikopa. Ndipo chikopa chithere kusanafike pa mipata ya nsinga, apo ayi nsinga izichikwecha.

Tsono ichi ndiye chofunika kwambiri pa hickory. Mtengo umenewu umamwa chinyezi kuposa mitengo yambiri ya mauta, ndipo mwauthira madzi a chikopa ndi a guluu. Mukaukunga usanaume umapindika osabwereranso, mapaundi amene mwavutikira aja apita. Sabata yathunthu pamalo ouma podutsa mphepo, kuli chinyezi masabata awiri. Vanishi ibwere pambuyo pake, mukafulumira mutsekera madzi mkati.

Chiphaliwali
Vanishi yake iti madala

Madala Wauta
Iliyonse yosauma ngati galasi, iyenera kupindika limodzi ndi uta. Ine ndimayamba ndi vanishi ya shellac kamodzi kuti atseke chikopa kenako Tru-Oil, uja amapaka pa zigwiriro za mifuti, wopyapyala ndi chala, kasanu ndi kamodzi kapena kupitirira, kudikira aume pakati. Spar urethane nayenso amachita bwino. Musapale ndi sandipepa mpaka mutapaka katatu, apo ayi mudya nsonga za mamba n'kutulutsa zoyera.

Wosema Mipini
Kanthu kena, chikopa chikauma ndi vanishi chimaonetsa mtundu wa mtengo umene uli pansi. Pa hickory woyera mawanga achikasu a mphiri atuluka owala, pa mtengo wakuda amazimirira. Ena amadetsa msana ndi utoto kaye kuti chioneke chakuda, koma yesani ndi kachidutswa kam'mbali pa kathabwa kotsala muone nokha musanaganize. Muyesenso guluu pomwepo makamaka pa cha glycerin chija, chikamatuka pa kathabwa ndiye kuti sichinayere.

Kamuvi
Akuluakulu ndabweranso patha masabata asanu. Kachibenthu ndinakonza monga ananenera madala, ndinaponya mivi 200 ndikuwerenga ndithu ndipo sikanasunthe. Cha glycerin ndinachapa kanayi, poyesa pa kathabwa koyamba chinamatuka nde ndinachapanso kawiri ndi spiriti, kachiwiri chinagwira mpaka kung'ambika pochikoka. Ndinamata ndi Titebond osakulunga. Pa ulusi paja ndinadula chikopa n'kukulunganso ulusi wina wakuda pamwamba, ndi mkono winawo ndinakulunga pamalo ofanana kuti zioneke ngati dala. Kuchotsa mamba kunanditengera madzulo awiri athunthu koma mmene mawanga anatulukira nditapaka shellac ndinangokhala chete kuyang'ana, V aliyense ali pakati kuloza njira imodzi. Ndinadikira masiku 12 ndisanakunge, pa sikelo ukukoka 44.

Vuto ndi limodzi, cha kunsonga ya mkono wakumunsi m'mphepete chikopa chadzuka pang'ono ngati njere ya mpunga kutalika, ndikuganiza ndi pomwe ndimapondetsa pansi pokunga. Komanso pali timadontho toyera titatu pomwe ndikuona kuti ndinasiya mamba.

Nachisale
Mwagwira ntchito achimwene, kuchapa kasanu ndi kamodzi si aliyense akanapirira. Timadontho ito tokoseni ndi nsonga ya singano kachikambako kachoke, mudontheze Tru-Oil pamalopo kawiri katatu tizimirira.

Madala Wauta
Paundi imodzi yokha ndiye kuti munadikira mokwanira. Podzukapo lowetsani kadontho ka supa glu ndi singano, kanikizani ndi pulasitiki kuti chala chisamatike, likauma salazani ndi tupa kutsikira kumimba monga kale. Kenako kulungani ulusi wakuda womwewo pothera chikopa kunsonga zonse ziwiri, masentimita awiri akwana, ndi vanishi pamwamba. Ndipo siyani kupondetsa nsonga pansi, pangani chingwe chokungira cha timatumba tachikopa kunsonga. Pa kamfundo paja muzipayang'anabe mukamaliza kuponya, mukamva kulira kulikonse ngati kathyoka kamtengo kouma masulani nsinga mutiuze.

Kamuvi
Ndamva madala, chingwe chokungiracho ndisoka mawa. Timatumbato tikhale takuya bwanji kuti tisatseke mipata ya nsinga?